Mmene ndinathetsera vuto la mbozi pa kabichi

Mbozi zobiriwira zinkaboola masamba a kabichi wanga ngakhale kuti ndinkapopera mankhwala sabata iliyonse, ndipo zimenezi zinkandipweteka mtima kwambiri. Nditafufuza, ndinazindikira kuti kabichi amadziteteza yekha: tsamba likalumidwa, mankhwala ake achilengedwe otchedwa glucosinolate amakumana ndi enzyme (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala m'zamoyo) ya myrosinase n'kupanga poizoni wowawa amene amathamangitsa tizilombo tambiri. Koma mbozi za njenjete ya diamondback, zomwe zinkadya kabichi wangazo, zili ndi enzyme ya sulfatase m'matumbo mwawo, yomwe imasintha glucosinolate uja poizoni asanapangike, ndipo njenjete zazikazi zimatsata fungo la poizoni yemweyo posankha poikira mazira.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti mbewu yovulala imatulutsanso fungo loitana timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi la mbozi n'kuzipha, ndiye kuti mankhwala anga ankapha timavuti pamene mbozizo zinali zitawazolowera kale. Ndinasiya kupopera, ndinaphimba mbande ndi ukonde wothinana kuti njenjete zisafikepo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatembenuza masamba n'kuchotsa mbozi ndi manja, chifukwa zimakonda kubisala kunsi kwa tsamba. M'mphepete mwa munda ndinasiyamo maluwa kuti timavu tizipezamo timadzi totsekemera. Patapita masabata angapo, masamba atsopano anayamba kutuluka opanda mabowo.