Momwe mungadyere siomai ya m'misewu ya ku Philippines, mimba ndi thumba zonse zikondwe

Ku Philippines munthu akamva njala ali pa ulendo sathamangira ku lesitilanti. Amaima pa kakauntala kakang'ono pomwe mphika ukufuka nthunzi, n'kupereka mapeso ochepa, n'kulandira siomai zinayi m'kambale kapepala. Ana asukulu, madalaivala a timabasi totchedwa jeepney, anamwino ochokera ku ntchito ya usiku, onse amakumana pamenepo ataimirira. Ndi chiwaya cha kumeneko, kungoti m'malo mwa mafuta, imagwira ntchito ndi nthunzi.

Siomai ndi nyama yogaya, kawirikawiri ya nkhumba, yosakaniza ndi anyezi, adyo, karoti, nthawi zina maprawns (tizilombo ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu), ndiye amaikulunga m'kachikopa kopyapyala ka ufa wa tirigu, pamwamba n'kusiya posatseka. Ena amathiramo singkamas, muzu woyera wamadzimadzi womwe umalira m'kamwa mukauluma. Chakudyachi chinabwera ndi Atchaina, omwe akhala akuchita malonda ku Manila kwa zaka mazanamazana. Dera lawo la Binondo linakhazikitsidwa mu 1594, m'nthawi ya ulamuliro wa Spain. Koma Afilipino anachisandutsa chawochawo, makamaka pa nkhani ya sosi, ndipo pamenepo ndi pomwe mlendo amaphonya. Wogulitsa udindo wake ndi kukupatsani siomai yotentha. Kukoma kwake mumakonza nokha.

1. Pitani komwe anthu akudutsa mothamanga

Musavutike kufunafuna. Mu Metro Manila makauntala a siomai ali mbwee pa masiteshoni a sitima za LRT ndi MRT, monga Cubao ndi Taft Avenue, m'madepoti a mabasi, pansi pa mashopu akuluakulu, ndiponso ku Sampaloc komwe kuli mayunivesite ambiri moti anthu amangokutchula kuti U-Belt. Mayina omwe muwaone mobwerezabwereza ndi Master Siomai, Siomai House, Siomai King ndi Hen Lin. Awa ndi makampani okhala ndi nthambi zambirimbiri, siomai yawo imapangidwa ku fakitale, imabwera youma ndi chisanu cha mufiriji, ndipo pa kauntala amangoiphika. Ubwino wake ndi wakuti yomwe mwadya ku Pasay ndi yomweyo mukaipeze ku Quezon City. Kwa woyamba kumene, yambirani kwa amenewa.

Palinso mavenda oyenda ndi njinga kapena kangolo, mphika uli pakasitovu kagasi, omwe amagulitsa imodziimodzi pa mtengo wotsika kwambiri. Ena mwa iwo amaphika bwino kuposa makampani aja. Ena amachulutsa ufa, nyama n'kungoinunkhiza. Mudzadziwa mukaluma: yaufa wambiri imakhala yofewa mofanana paliponse, yomata m'mano, pomwe yanyama yeniyeni imakana pang'ono ndipo timadzi timatuluka.

2. Yang'anani mphika musanayang'ane mtengo

Pano musafulumire. Manila ndi kotentha chaka chonse, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo nyama yogaya siichedwa kuwonongeka ikakhala yofunda chabe. Imani pambali kamphindi muone wogulitsa akamavundukula mphika. Nthunzi iyenera kutuluka yamphamvu, yoti iye mwini abweze nkhope. Ngati chivundikiro chachoka popanda kanthu kofuka, pitirirani ulendo wanu.

Chikopa chimanena zambiri. Siomai yongopsa kumene imawala, chikopa chake chamamatira ku nyama mpaka mukuona mtundu wa nyamayo mkati. Yomwe yakhalitsa mumphika imatupa, chikopa chimasungunuka n'kumasiyana ndi nyama wogulitsa akaigwira ndi chopanira. Yomwe inapsa kale n'kuzizira imauma m'mbali, timakona take n'kulimba.

Mzere wa anthu usakuthawitseni. Pomwe pali mzere, mphika sukhalitsa ndi katundu, ndiye zomwe mupatsidwe zalowa posachedwa. Kauntala yopanda munthu nthawi ya nkhomaliro, anzake oyandikana nawo ali piringupiringu, ili ndi chifukwa chake chomwe eni dera akuchidziwa.

Onaninso manja. Wogulitsa wosamala amagwira siomai ndi chopanira, ndalama n'kulandira ndi dzanja lina.

3. Funsani kaye za nyama

Pa chikwangwani mupeza mitundu ingapo. Ya nkhumba ndi maprawns ndiyo yotchuka. Pali ya ng'ombe, ya nkhuku, ina yokhala ndi dzira la chinziri mkati, ndi ina yomwe amaitcha Japanese siomai, yokulungidwa ndi tsamba lakuda la ndere za m'nyanja m'malo mwa chikopa cha tirigu. Imeneyi fungo lake ndi la nyanja ndithu, ena amaikonda ena ayi; ine ndimati muyisiyire ulendo wachiwiri.

Kwa Asilamu, a Seventh Day ndi ena onse osadya nkhumba, chenjezo ndi ili: mawu akuti ng'ombe pa chikwangwani sakutanthauza kuti mulibe nkhumba. Ophika ena amathira mafuta a nkhumba kuti nyama isaume, ndipo pa makauntala ambiri mitundu yonse imapsera mumphika umodzi, madzi a iyi akudonthera pa inzake. Funsani kuti "May baboy po ba ito?" ndiko kufunsa ngati muli nkhumba. Koma ngati nkhaniyi ndi ya chikhulupiriro, musadalire yankho la mnyamata wa pa kauntala yemwe sanaone momwe anasakanizira ku fakitale. Pitani ku Quiapo, dera la mu Manila, kufupi ndi mzikiti wa Golden Mosque mu msewu wa Globo de Oro, komwe kuli malo odyera a halaal. Amene thupi lawo limadana ndi maprawns achenjerenso chimodzimodzi, chifukwa amagayidwira limodzi ndi nyama moti simungawaone.

4. Itanitsani mwaulemu, ndalama yaing'ono ili m'manja

Chingerezi chimamveka pafupifupi paliponse, poti ndi chimodzi mwa zilankhulo za boma. Komabe mawu awiri atatu a Chitagalog amasintha nkhope ya wogulitsa. Mtsikana kapena mayi mumuitane kuti Ate, mwamuna Kuya. Akakhala achikulire, Manang ndi Manong. Kenako "Pabili po" pofuna kugula, "Magkano po?" pofunsa mtengo, "Salamat po" pothokoza. Kamawu ka po ndi kaulemu, musakasiye.

Pa makauntala a makampani, oda imodzi nthawi zambiri imakhala siomai zinayi, ndipo mtengo wake sufika mapeso 100. Konzeranitu makobidi kapena mapepala a 20, 50 ndi 100. Kutulutsa pepala la 1,000 m'mawa pa kauntala yotere ndi kuimitsa mzere wonse, wogulitsa akuthamanga kukapempha chenji kwa anzake. Eni dziko ambiri amalipira pa foni kudzera pa GCash, koma mlendo wa masiku ochepa angoyenda ndi ndalama m'thumba.

5. Konzani sosi

Apa ndiye pagona nkhani. Siomai yopanda sosi ndi yozizira mkamwa ngakhale itatentha bwanji, ndipo wothira sosi mwachisawawa amangomva mchere basi. Pa kauntala mupeza zinthu zitatu, nthawi zina zinayi.

Choyamba ndi toyo, sosi wakuda wa soya, yemwe amakhala m'botolo lofinya. Wa ku Philippines ndi wamchere kwambiri, choncho madontho ochepa akwana. Musamize siomai, thirani pakona ya kambale kuti muzisunsa.

Chachiwiri ndi calamansi, kachipatso kobiriwira kunja, kachikasu mkati, kakang'ono koti kangabisale pansi pa chala chachikulu. Kamawawasa koma kali ndi kafungo ka lalanje, ndipo ndi kameneka komwe kamadula mafuta a nkhumba kuti musakoledwe. Wogulitsa amakupatsani kamodzi atakadula kale kumutu. Kagwireni ndi zala ziwiri, kodulidwako kuloze pansi, ndipo ngati pali foloko finyirani pa mano a folokoyo kuti njere zitsale. Njere zake n'zambiri ndipo n'zowawa; mukatafuna imodzi, siomai yonseyo yawonongeka. Tchingani ndi dzanja linalo, chifukwa madzi ake amathamanga kukalowa m'diso la amene waima pafupi nanu. Toyo akasakanizika ndi calamansi amamutcha toyomansi, ndipo sosi ameneyu mukumana nayenso pa nsomba yowotcha ndi zakudya zina zambiri.

Chachitatu ndi chili garlic, tsabola wogaya wokazingira limodzi ndi adyo m'mafuta mpaka kufiira moderako. Amakhala m'kabotolo kotsegula pakamwa, kasupuni kali momwemo. Mafuta amayandama pamwamba, zokoma zimakhala pansi, ndiye lowetsani supuni mpaka pansi m'malo mongotunga mafuta. Ukali wake umasiyana kauntala ndi kauntala. Wina ndi wotsekemera, adyo ndiye wachuluka. Wina amakutulutsani thukuta pamphuno. Pomwe wogulitsa amathira yekha, nenani msanga kuti "Konti lang po" kuti athire pang'ono, chifukwa dzanja lake linazolowera makasitomala a tsiku ndi tsiku. Kwa ine kauntala imadziwika ndi tsabola wake. Siomai ya ku fakitale imafanana, koma venda amene amakazinga yekha chili garlic kunyumba ndi amene anthu amamulondola ngakhale asamuke pakona.

Chachinayi, pomwe chilipo, ndi adyo wokazinga wouma. Wazani pamwamba pomaliza kuti asanyowe.

Yambani ndi toyo pang'ono, calamansi yense, tsabola theka la supuni. Lawani ndi siomai yoyamba, ndiye konzani pa yachiwiri. Mchere ukachuluka, pemphani calamansi wina.

6. Idyani pomwepo

Mupatsidwa chotokosera mano kapena kamtengo kansungwi. Bayani cham'mbali, modutsa chikopa ndi nyama yomwe, chifukwa mukabaya pamwamba posatseka paja nyama imatuluka chikopa n'kutsala m'mbale. Uzirani kaye. Mkati mumakhala motentha kuposa kunja, ndipo ambiri amapsa lilime pa yoyamba.

Lamulo limodzi musaliswe. Kwa mavenda ena, makamaka ogulitsanso fishball (timipira ta nsomba yogaya) ndi zokazinga zina, sosi amakhala m'mabotolo akuluakulu omwe aliyense amasunsamo. Chomwe mwaluma kale sichibwereranso m'botolo. Eni dziko amakwiya nazo zimenezi, ndipo akulondola. Ngati pali kapu kapena kambale, tungirani sosi wanu pamenepo.

Mukatha, sunthani kuti wina afike pa sosi, kambale muponye m'bini ya pa kauntala. M'sitima za LRT ndi MRT saloleza kudya, ndiye musaganize zokamalizira m'katimo.

7. Ngati njala ndi yeniyeni, onjezani mpunga

Siomai zinayi ndi zongopusitsa m'mimba, zoyenera merienda, kachakudya ka pakati pa nkhomaliro ndi mgonero komwe Afilipino sakaphonya. Kuti ikhale nkhomaliro, itanitsani siomai rice: siomai zomwezo pamwamba pa mpunga, woyera kapena wokazinga. Ophunzira a ku U-Belt amakhalira chimenechi ndalama ikatsala pang'ono kutha. Pa mpunga, yokazinga m'mafuta imakoma kuposa ya nthunzi, chifukwa chikopa chake cholimba chimagwira sosi osafewa msanga. Sosi wotsala m'kambale muthire pa mpungawo.

Chakumwa chomwe chimayenda ndi siomai ndi gulaman, madzi ozizira a shuga wabulauni okhala ndi tizidutswa ta jele, nthawi zina ndi timipira tofewa ta sago. N'chotsekemera kwambiri, koma pambuyo pa tsabola chimakhala bwino. Nkhawa ili pa ayezi ndi madzi ake. Pa makauntala a m'masiteshoni ndi m'mashopu akuluakulu mukhoza kumwa mtima uli m'malo; cha m'zigubu za m'mbali mwa msewu, mimba yachilendo ndi bwino iyambe yazolowera dziko. Madzi a m'botolo ali paliponse.

Mukafuna kutengera kunyumba nenani kuti "Pabalot po", ndipo pemphani kuti sosi amangidwe payekha. Pofika kunyumba itenthetseninso ndi nthunzi, m'sefa pamwamba pa madzi owira, mpaka itenthe mkati. Isagone kunja kwa firiji.

8. Mukazolowera, pitani ku Binondo ndi ku Tisa

Kuti mudziwe kusiyana kwa siomai ya fakitale ndi yokulunga pamanja, kwerani sitima ya LRT-1 mukatsikire pa siteshoni ya Carriedo, muyende kudutsa tchalitchi cha Santa Cruz mpaka kulowa mu msewu wa Ongpin. Kumeneko ndiye ku Binondo. Malo odyera a Atchaina, monga Wai Ying mu msewu wa Benavidez, amabweretsa siomai m'timadengu tansungwi momwe yapsera, prawn ikuoneka ndi maso. Mtengo ndi wokwererapo, komabe si woti mudandaule.

Ku Cebu nkhani ndi ina. Dera la Tisa mu mzinda wa Cebu linatchuka ndi siomai moti anthu a m'madera ena amalemba pa zikwangwani zawo kuti siomai sa Tisa pofuna kukopa makasitomala. Kumeneko mumakhala pa benchi, madzulo anthu ataweruka, ndipo tsabola wawo sachita masewera. M'malo mwa mpunga wa m'mbale amadyera puso, mpunga wophikidwa m'kathumba koluka ndi masamba anthete a kokonati. Umatuluka wogwirana, woti mukhoza kuunyema ndi dzanja. Amakupatsani atauchekeratu pakati, inu n'kungokanula masamba, ndipo ambiri amavala kapulasitiki kudzanja m'malo mogwiritsa supuni. Nyemani mpunga, sunsani mu toyo wa tsabola, lumani siomai. Polipira amawerenga siomai ndi puso zomwe mwadya, choncho masamba aja musawataye mpaka mutamaliza kuwerengerana ndi wogulitsa.