Phala lamadzimadzi likufooketsa anthu amene anachira khansa ya m'kamwa

Chiyambireni mvula chaka chino ndakhala ndikuyendera makomo amene muli anthu omwe anamaliza kulandira chithandizo cha khansa ya m'kamwa, ndipo pafupifupi paliponse ndapeza kapu ya phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lopanda chilichonse choikamo, imene wochirayo amamwa m'mawa, masana ndi madzulo. Achibale amati akumuchitira chifundo popeza sangathe kumeza nsima, koma chifundo chimenechi chikumuonjezera njala munthu amene thupi lake latha kale.

Chithandizo cha radiotherapy, chowotcha khansa ndi cheza champhamvu cha makina, chimene kawirikawiri chimatenga masabata 6 kapena 7, chimawononganso tiziwalo totulutsa malovu, moti m'kamwa mumauma kwa miyezi yambiri, ndipo kwa ena mpaka kalekale. Popanda malovu mbamu ya nsima imakakamira pakhosi ngati utuchi, makamaka kwa amene anadulidwa mbali ya lilime kapena nsagwada. Apa ndi pamene banja limayamba kusukulutsa phala, lero pang'ono, mawa kwambiri, mpaka chotsala ndi madzi oyera. Phala lotere limadzaza mimba osapereka mphamvu, choncho thupi limayamba kudya minofu yake yomwe, kuphatikizapo minofu ya pakhosi imene imathandiza kumeza. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zakumwa zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa msanga munthu wovutika kumeza kuposa chakudya cholimbirako pang'ono, ndipo zikalowera m'mapapo zimayambitsa chibayo. Nsagwada nazonso zikapanda kugwira ntchito zimauma, pakamwa pamayamba kukana kutseguka, kulankhula kumavuta, ndipo munthu amasiya kupita kutchalitchi, kumaliro ndi kumsika chifukwa cha manyazi.

Bambo wina, mlimi wodziwika wa mtedza m'dera langa, ndinamupeza atakhala pakhonde nthawi yopalira, lamba atabooleza mabowo ena awiri, khasu likumulemera. Nditafunsa za mtedza wa chaka chatha, mayi a kunyumba anandiuza kuti anagulitsa wonse kwa mavenda, ndipo anaonjezera kuti nsinjiro ndi zotendera ndiwo, pamene wodwala amamwa phala loyera monga ankachitira makolo. Ndalama za mtedza womwewo zathera kulipira aganyu opalira munda umene mwini wake akanatha kupalirako mizere ingapo akanadya bwino. Zimanditopetsa kuti takhala tikuphunzitsa za magulu 6 a zakudya pa sikelo ya ana mwezi ndi mwezi, amayi n'kumayankha bwino lomwe, koma wamkulu akadwala zonsezo zimatsala pamsonkhano. Munthu amene anachira sali pa mphasa ngati wa malungo wa masiku atatu ayi, vuto lake la kudya ndi la nthawi yaitali.

Chochita n'chosavuta. Phala likhale la mgaiwa kapena la soya, lolimbirako moti lisayenderere pa supuni, ndipo muikemo nsinjiro zosefa bwino, supuni ya mafuta ophikira, mkaka kapena dzira lophikira momwemo. Mapeyala, nthochi zakupsa, maungu ndi mbatata zophwanya, komanso nsima yofewa yoviika mu msuzi wambiri, zimatsika bwino. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku atakhala tsonga, chakudyacho chitazizirako, popanda tsabola kapena zowawasa monga mandimu ndi bwemba. Azitsuka m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, aziyasamula mobwerezabwereza tsiku lililonse, ndipo fodya ndi kachasu asazikhudzenso. Dzino likavuta asalizule kumudzi, apite kwa dokotala wa mano ndipo amuuze za radiotherapy, chifukwa fupa la nsagwada lotere silipola msanga. Akwere sikelo mwezi uliwonse, ndipo ngati akutsikabe, akutsokomola pakudya, kapena chilonda cha m'kamwa chapitirira masabata awiri, abwerere kuchipatala osadikira tsiku limene anamulembera.