Kutchera mawu a 5.1 pa Windows poonera filimu

Mwafunsa chifukwa chake masipika awiri akutsogolo okha ndi amene akulira mukamaonera filimu, chonsecho kompyuta munailumikiza ku risiva (chipangizo chogawira mawu ku masipika) ya 5.1, kutanthauza masipika asanu (awiri akutsogolo, yapakati ndi awiri akumbuyo) ndi imodzi ya besi. Nthawi zambiri Windows imakhala ikadali pa sitiriyo, ya masipika awiri okha.

1. Chingwe cha HDMI chichoke pa kompyuta n'kukalowa mu risiva, osati mu TV. Ma TV ambiri amauza kompyuta kuti ali ndi masipika awiri basi.

2. Dinani batani la Windows ndi la R pamodzi, lembani mmsys.cpl, kenako Enter.

3. Pa Playback sankhani risiva yanuyo, dinani Set Default, kenako Configure, musankhe 5.1 Surround.

4. Dinani Test. Kabelu kamalira m'sipika imodziimodzi. Apa musachite ulesi, dzukani mukaike khutu pa sipika iliyonse. Kabelu kakumanzere kakamveka kumanja, mawaya munawasemphanitsa. Yapakati ija muimvetsere bwino, chifukwa zolankhula za m'filimu zimatulukira m'menemo.

5. Mu VLC, pulogalamu yoonera filimu, pitani ku Tools, Preferences, Audio, muyatse HDMI/SPDIF audio passthrough. Sungani, tsekani VLC n'kuitsegulanso.

Ngati chingwe chanu si cha HDMI koma cha optical (chotumiza mawu pogwiritsa ntchito kuwala), 5.1 simuipeza pa gawo 3. Chingwechi chimanyamula 5.1 ikakhala ya mtundu wa mawu wa Dolby Digital kapena DTS yokha, ndiye dalirani gawo 5.

Zikakanikabe, mwina ndi filimuyo. Ikusewera mu VLC, dinani Ctrl ndi J. Pa Channels pakalembedwa Stereo, masipika akumbuyo alibe chawo m'failomo.