Kalembetsedwe ka maphunziro a masitazi ya uinjiniya

Mwafunsa kuti muyambire pati yunivesite ikakulandirani. Khalani ndi izi m'manja: kalata yokulandirani, chiphaso, satifiketi ya digiri yoyamba ndi zotsatira zake, komanso risiti ya fizi kapena kalata ya okulipirirani.

1. Tsegulani imelo imene sukulu yakupatsani. Mauthenga ofunika amadzera kumeneko.
2. Werengani kabuku ka malamulo a dipatimenti yanu kuti mudziwe makosi okakamiza ndi nthawi yoperekera pulani ya kafukufuku.
3. Kumanani ndi supavaiza wanu, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, musanasankhe kosi iliyonse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalembetsa okha, kenako n'kupeza kuti kosiyo imafuna kuti akhoze kaye ina, kapena siiwerengedwa pa digiri yawo. Tsiku lomaliza losinthira makosi likadutsa, semesita yonse yatayika, choncho lilembeni penapake.
4. Lembetsani, ndipo sungani chikalata chotsimikizira.
5. Chitani maphunziro a chitetezo cha m'labu mwamsanga. Malabu ambiri salola munthu kugwira makina asanawachite.
6. Ngati muli ndi ulumali, kapena nkhawa zikukulemerani, pitani ku ofesi yothandiza ophunzira mayeso asanayandikire.