Momwe mungadzitetezere kwa akathyali popita ku Joni pa basi

Basi yochokera ku Wenela mu Blantyre imadutsa malire atatu isanafike ku Park Station ku Johannesburg: Mwanza ndi Zobue polowa mu Mozambique, Cuchamano ndi Nyamapanda polowa mu Zimbabwe, kenako Beitbridge polowa mu South Africa. Ndi ulendo wa usana ndi usiku, ndipo mzere ukatalika pa Beitbridge umapitirira apo. Akathyali amakudikirirani pomwe mwatsika basi miyendo itatupa, tulo tili m'maso, mukufuna wina wokuthandizani msanga.

1. Musananyamuke

Jambulani ndi foni tsamba la pasipoti lomwe lili ndi chithunzi chanu, mutumizire m'bale wanu pa WhatsApp. Nambala ya amene akakulandireni muilembenso papepala, chifukwa foni imatha moto kapena kubedwa. Ndalama muzigawe: zochepa zapanjira m'thumba, zambirizo mkati mwa zovala.

2. Pasipoti isachoke m'manja mwanu

Pa boda pamabwera anyamata aulemu kwambiri: "Bweretsani akulu, ndikakudindireni, musavutike ndi mzere." Kanani, mukaime nokha pa zenera. Chidindo chimene angabwere nacho chikhoza kukhala chabodza, ndipo mudzadziwa pobwerera, kompyuta ikadzaonetsa kuti simunalowe m'dzikomo mwalamulo. Pamenepo mlandu ndi wanu, mnyamata uja simudzamuonanso.

Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku osaposa 30 popanda viza, koma werengani tsiku lomwe akulemberani musanachoke pa zenerapo, poti nthawi zina amapereka ochepa. Malinga ndi malamulo a 2014, wopitirira tsiku lomwe anamulembera ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitiriza kuposa apo zaka zisanu.

3. Kusintha ndalama

Apa ndi pomwe ine anandidyera. Pa boda ina ndinafuna marandi. Bambo wina anawerenga pamaso panga mofulumira, mpukutu atautsina ndi chala pakati, ine ndikuwerenga naye mokweza ngati mwana wa sukulu. Hutala ya basi inalira, ndinathamanga. Nditakhala pampando ndi kutambasula, ndinapeza kuti mapepala ena anawapinda pakati, limodzi n'kuwerengedwa kawiri. Anzanga a pampando wakumbuyo sanadabwe n'komwe.

Njira yabwino ndi kusinthiratu kubanki kapena ku malo ovomerezeka musananyamuke, n'kusunga lisiti. Ndikudziwa kuti ndalama zakunja zimavuta kupeza kwathu kuno. Mukakakamizika kusintha panjira, sinthani zongogulira madzi ndi chakudya, muwerenge nokha pepala limodzi limodzi m'manja mwanu, ndipo zanu mupereke pomaliza. Akazitenganso kuti "ndiwerengenso bwino", yambiraninso kuwerenga.

4. Mukafika ku Park Station

Musatuluke panja ndi zikwama kukayang'ana msewu. Khalani mkati, mumuimbire wokulandiraniyo kuti alowe. Wina akanyamula katundu wanu musanamupemphe, mulandeni nthawi yomweyo. Ena amangofuna kukulipiritsa ndalama zambiri, ena amakulowetsani m'kakhwalala komwe anzawo akudikira. Ndipo wokulankhulani Chichewa si m'bale wanu chifukwa cha chilankhulo chokha. Ngati mwaitana Uber kapena Bolt, matakisi oitanitsa pa foni, fanizani nambala ya galimoto ndi yomwe ili pa foni musanakwere.

5. Pa makina a ATM

Chinyengo chofala kumeneko n'chosinthitsa khadi. Munthu wovala bwino amakuuzani kuti makina akuvuta, amagwira khadi yanu ngati akuthandiza, n'kukubwezerani ina yofanana nayo, pamene mnzake kumbuyo waona kale nambala yanu yachinsinsi. Tapani ndalama mkati mwa banki kapena m'sitolo zazikulu masana, muphimbe ndi dzanja polemba nambala. Wina akangoyandikira, dinani batani loletsa, mutenge khadi muzipita. Makina akameza khadi, imbirani banki yanu muli pomwepo kuti aitseke.

6. Odzitcha apolisi

Wapolisi ali ndi ufulu wofunsa pasipoti, nanunso muli ndi ufulu wopempha kuona chiphaso chake cha ntchito. Akayamba kufunsa kuti muli ndi ndalama zingati, kapena kukukokerani ku galimoto yopanda zizindikiro, nenani modekha kuti mukakambirane ku polisi siteshoni. Koma wina akatulutsa mpeni kapena mfuti, mpatseni zomwe akufunazo osalimbana naye.

Nambala ya apolisi ku South Africa ndi 10111, ndipo pa foni yam'manja 112 imagwiranso ntchito. Pasipoti ikabedwa, yambirani ku polisi akupatseni kalata ndi nambala ya mlandu, kenako mupite nazo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg kukapempha chikalata chobwererera kumudzi. Akakufunsani nambala ya pasipoti yotayikayo, mutsegule chithunzi chija munatumizira m'bale wanu.