Galasi la pa kuka lang'aluka: muyambire pati, ndipo mugule yotani?

Botolo la mafuta ophikira likagwera pa kuka ya galasi n'kusiya mng'alu, funso limene limabwera m'nyumba ndi lakuti tipitirize kuphikapo kapena ayi. Musaphikepo. Pansi pa galasilo pali mawaya a magetsi a 230 volts, ndipo phala kapena msuzi ukasefukira umalowa mumng'alumo n'kukafika kumeneko. Amene wagwira poto wachitsulo nthawi imeneyo akhoza kugwidwa ndi magetsi. Kutentha ndi kulemera kwa poto kumakulitsanso mng'aluwo.

Yambani ndi kuzimitsa. Mabatani a pa kuka pawokha sakwanira. Zimitsani swichi yaikulu ya pakhoma, ija imakhala yofiira m'nyumba zambiri, kenako tsitsani breaker ya kuka pa bokosi la magetsi. Ngati kuka ndi ya gasi, tsekani pa silinda. Dikirani pazizire, valani nsapato, ndipo mutole zidutswa ndi magolovesi kapena nsalu yokhuthala.

Kenako onetsetsani ngati ndi mng'aludi. Walitsani tochi ya foni chammbali. Mzere wotuwa nthawi zambiri umakhala chitsulo cha poto wa aluminiyamu chimene chatsalira pagalasi, ndipo umachoka mukapukuta ndi mankhwala otsukira galasi la kuka. Kukalika kwa pamwamba kumangonyansa m'maso, kuphika mungaphike. Mng'alu weniweni umalowa mkati mwa galasi, umachita nthambi, ndipo kawirikawiri umathamangira m'mphepete. Umenewo sumatidwa. Super glue amene timamatira nsapato amapsa msanga, pomwe malo ophikirapo amatentha madigiri mazanamazana. Mmisiri amene akulonjeza kumata akungofuna ndalama yanu.

Magalasi a pa kuka alipo a mitundu iwiri, ndipo amasweka mosiyana. La pa kuka yamagetsi ndi galasi la seramiki, ngati la Ceran limene kampani ya Schott ya ku Germany inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970. Limeneli moto silimauopa kwenikweni, chimene limaopa ndi kumenyedwa, makamaka m'mphepete, komanso shuga. Shuga wosungunuka akazizira pagalasi amabowola timaenje, choncho amafunika kupalidwa pakadali potentha. La pa timakuka ta gasi ta malo awiri ndi galasi lolimbitsidwa ndi moto. Limenelo likafuna kusweka limaphulika kamodzi n'kusanduka timiyala. Chimene chimaliphulitsa kawirikawiri ndi poto wamkulu kuposa malo ake, amene amabweza moto pansi n'kutenthetsa galasi.

Apa ndi pamene ambiri ogulitsa satiuza zoona. Makuka agalasi anapangidwira mapoto osalala kunsi, okhala phee pamalo amodzi. Ife timaphika nsima. Povundula, dzanja limodzi limakanikiza poto, lina likukankha mthiko, ndipo poto amagwedezeka n'kumagunda pagalasi, masana ndi madzulo. Onjezani kuti poto yemweyo dzulo anali pa mbaula magetsi atazima, watsukidwa ndi mchenga, ndipo kunsi kwake kwatsala timchenga ndi mwaye. Mukamukoka pagalasi amasiya mizere, ndipo galasi lokalika kwambiri silichedwa kugonja chinthu chikaligwera. Banja la anthu ambiri lophika nsima m'poto wamkulu tsiku lililonse lisadzinamize kuti galasi latsopano lidzakhala nthawi yaitali kuposa lakale.

Musanaganize zogula ina, funsani mtengo wa galasi lokha. Pezani nambala ya modelo, imene imalembedwa pa kapepala komatidwa kumbuyo kwa kuka, pa felemu ya chitseko cha uvuni, kapena kunsi ngati ndi kuka yolowetsa mu kabati. Ijambuleni pa foni pamodzi ndi mng'aluwo. Popanda nambalayi adzakubweretserani galasi losalingana. Zipangizo za makuka opangidwa ku South Africa, monga Defy, zimapezeka mosavutirapo kusiyana ndi za kuka yopanda dzina lodziwika, ngakhale mungafunike kudikira kuti ziitanitsidwe. Risiti ndi pepala la waranti zitengeni, koma musayembekezere zambiri, chifukwa waranti nthawi zambiri sikhudza galasi losweka chifukwa chogweredwa ndi chinthu. Ngati nyumba ndi ya lendi ndipo kuka munaipeza momwemo, auzeni eni nyumba tsiku lomwelo ndipo muwatumizire zithunzi, nkhani isadzatulukire pa dipoziti.

Muyeso wanga ndi uwu: galasi pamodzi ndi malipiro a mmisiri zikafika theka la mtengo wa kuka yatsopano, ndipo uvuni nawo unayamba kale kuvuta, musakonze. Mukasankha kukonza, mmisiri ayang'anenso mawaya ndi ma element, zotenthetsera za pansi pa galasi, ngati sanalowe madzi, ndipo atsimikize kuti waya wa earth, woteteza kuti munthu asagwidwe ndi magetsi, ndi wolumikizidwa.

Tsopano za kusankha. Kuka yamagetsi ya mapuleti achitsulo ndi yosakongola, imachedwa kutentha n'kuchedwanso kuzizira, ndiye imadya mayunitsi. Koma imapirira mthiko, ndipo puleti imodzi ikapsa mumasintha yokhayo pa mtengo wochepa. Ya induction, imene imatenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, imaphika mwachangu ndipo siwononga magetsi ambiri, koma pamwamba pake ndi galasi lomwe lija, ndipo imafuna mapoto okoka maginito. Tengani maginito muyese kunsi kwa mapoto anu musanapite kusitolo. Akapanda kumata, monga zimakhalira ndi mapoto a aluminiyamu amene adzaza m'misika yathu, dziwani kuti mukagulanso mapoto.

Kwa ine, khitchini ya m'tauni muno imayenera kuka yophikira gasi pamwamba, yachitsulo, yokhala ndi zokhazikapo mapoto zolimba. Amene anali ku Blantyre kapena ku Lilongwe mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, akukumbukira mmene kuka yamagetsi inasandukira tebulo loikapo mbale. Gasi nayenso amasowa nthawi zina ndipo mtengo wake, umene amalengeza a MERA, umasinthasintha. N'chifukwa chake kuka yosakaniza, malo ena a gasi ena a magetsi, ndi yanzeru: china chikasowa mumaphikira chinzake. Pogula funsani ngati ili ndi kachipangizo kotseka gasi moto ukazima ndi mphepo kapena mkaka wosefukira. Amene achibale akuwatumizira kuka kuchokera ku UK asamale, chifukwa zambiri za kumeneko zimakhala zokonzedwera gasi wa m'mapaipi. Timabowo totulutsira gasi tiyenera kusinthidwa kuti tigwirizane ndi gasi wa m'silinda, apo ayi moto umakhala waukulu, wachikasu ndi wodetsa mapoto.

Yezani malo musanalipire. Makuka ambiri ndi a masentimita 50, 60 kapena 90 m'lifupi, ndipo musaiwale kuyeza chitseko cha khitchini. Onaninso magetsi a m'nyumba. Pulagi yathu ya mano atatu imanyamula ma amp 13, amene ndi pafupifupi ma watt 3,000. Kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni imaposa pamenepo kutali, ndiye imafuna waya wakewake wokhuthala wochokera ku bokosi la magetsi, woikidwa ndi mmisiri wovomerezeka. Kuilumikiza pa soketi ya ketulo kapena pa ekisitenshoni ndi kuitana moto.

Ya gasi ikafika, silinda iime chilili pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Paipi ikhale yopangidwira gasi, yomangidwa ndi zomangira zachitsulo mbali zonse ziwiri, osati ndi mphira wa chubu. Pakani thovu la sopo polumikizira ponse n'kutsegula silinda. Pakatuluka timabaluni, pakutuluka gasi, tsekani ndipo mumangenso. Osayesa ndi machesi. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, amatsika n'kudzaza pansi, choncho mukamva fungo tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo musakhudze swichi iliyonse ya magetsi mpaka fungo litatha.

Ngati mtima uli pa galasi basi, ligulireni mapoto akeake osalala kunsi amene sapita pa mbaula, muzinyamula poto m'malo momukoka, ndipo muchotse mabotolo pa shelefu ya pamwamba pa kuka. Povundula nsima, poto wamkulu muzimutsitsira pa kasitovu kena kachitsulo.