Bondo latupa ndipo likuotcha? Makapisozi a pamsewu adikire kaye

Achinyamata athu kuno ku Harare, kaya muli ku Mbare, Epworth kaya Mabvuku, bondo likatupa ambiri mumangoti ndabinya ku mpira olo ndi nyamakazi, basi kuthowa ndi madzi otentha, kugula makapisozi pamsewu, ena mpaka kukatemera mphini. Komatu bondo likatupa tsiku limodzi kapena awiri, ukaligwira likuotcha, kuponda osatheka, kulipinda osatheka, nthawi zina thupi likutenthanso, mkatimo mutha kukhala mafinya, ndipo mafinya amadya chichereŵechereŵe masiku ochepa chabe, chikatha sichimeranso.

Musamati ine ndine wamphamvu sindidwaladwala. Kachirombo kamene kamayambitsa zimenezi kwambiri ndi Staphylococcus aureus, kamakhala pakhungu pathu pomwepa, kamalowera pa chithupsa, pabala olo pa mphini zomwezo nkuyenda ndi magazi. China chimene achinyamata safuna kumva ndi chinzonono, chimatha kufika mmalo olumikizana mafupa, ululu nkumasamukasamuka, lero pamkono mawa pabondo, ndi tizilonda tochepa pakhungu, ndipo atsikana ambiri kumalo obisika samaona chizindikiro chilichonse. Ndiye anesi akakufunsani za ogonana nawo musakwiye, yankhani zoona, si miseche ayi.

Yambirani ku polyclinic ya kwanu tsiku lomwelo, akaona kuti nzazikulu akutumizani ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuja timati ku Gomo. Kumeneko amatenga magazi kuona CRP ndi ESR, miyezo yosonyeza ngati mthupi muli kutupa, koma chenicheni ndi kupopa madzi a mbondomo ndi jakisoni nkuwatumiza ku labu kuti aone kachirombo kake. Apa mpamene makapisozi aja amasokoneza, mukamwa musanayezedwe kachirombo nthawi zina sikameranso ku labu koma kali momwemo, adokotala nkumangoganizira mankhwala. Ngati mwamwa kale nenani, tengani ndi kapepala kake komwe.

X-ray nayo isakunamizeni. Matenda akalowa mfupa pamatha masiku 10 mpaka 14 chithunzi chikuoneka bwinobwino, MRI, makina ena ojambula mkati mwa thupi, ndi imene imaona msanga, kungoti mtengo wake nonse mukuudziwa. Akakuuzani kuti fupa lili bwino koma ululu sukutha, bwererani.

TB nayo imalowa mmafupa, koma iyo imabwera mwakachetechete, msana kuwawa miyezi, kuonda, thukuta usiku. Zikatero pemphani akuyezeni TB ndi HIV limodzi.